Mabuku a NRP akutha, makolo kumsonkhano sakubwera, nditani?

Madamu a Std 2:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu ukuwawa. Ndili ndi Std 2 ndekha, ana opitirira 100, mnzanga ali pa tchuthi cha uchembere. Ku TDC, komwe aphunzitsi timakachitira maphunziro a m'zoni, anatiuza kuti mabuku a NRP (pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga) ana azipita nawo kunyumba akawerenge ndi makolo. Ndapereka. Akubwerera opanda zikuto, ena masamba a pakati mulibe, tsamba lina ndalipeza pamsika akukulungira zitumbuwa, ndi maso angawa. Tinaitana makolo kudzera mwa ana, kunabwera agogo ochepa ndi wapampando wa komiti yoyendetsa sukulu (SMC) basi. PEA, mlangizi woyendera sukulu za m'zoni yathu, akubwera teremu yomweino, adzafuna mabuku komanso kumva ana akuwerenga, pomwe theka la kalasi "mb" ndi "nd" sakusiyanitsa. Ndizingowatsekera mu kabati? Za rejisitala ya mabuku musandiuze, ndili nayo kale.

Depute wa Kumudzi:
Amfumu basi. Lembani maina a ana onse amene ang'amba, mupereke kwa a gulupu. Kholo likalipa nkhuku kamodzi, buku lizibwera litakutidwa. Zina zonsezi n'kutaya nthawi.

Ahedi Opuma:
Madamu, munaitana tsiku lanji? Ngati linali la msika musadandaule, olakwa si makolo. Komanso onani nyengo. Teremu yachiwiri ino anthu ali kumunda, ena ali pa ganyu kuti madzulo mphika ukhale pamoto. Munthu sangasiye kubandira kudzamva za maphatikizo.

China ndi ichi. Chiyambire pulayimale yaulere mu 1994, kholo likamva kuti kusukulu akuitana limadziwiratu kuti ndi ndalama ya chitukuko, mchenga kapena njerwa. Ndife tomwe tinawazoloweza. Ine nthawi ina ndinaitana msonkhano wa zowerenga, zinthu zikuyenda bwinobwino, msungichuma wa komiti n'kuimirira kuti tingokumbutsana za ndalama ya mlonda. Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Msonkhano wotsatira kunabwera a komiti okha. Mukaitananso, nkhani ya ndalama isatchulidwe ngakhale pa pemphero lotsekera.

Madamu a Std 2:
Linali Lachinayi bambo, msika wathu ndi Loweruka. Koma zoona, pakalatapo ahedi anawonjezera mzere wa development fund.

PT4 Mpaka Liti:
Ndiye mwadziyankha nokhatu kkkk

Nachisale wa Infanti:
Osatsekera mabuku mayi. Buku la mu kabati chiswe chimadya ndithu, ndipo PEA akapeza atsopano ali phwii ana osawerenga, mlandu wake ndi waukulu kuposa wa buku long'ambika. Ine ndimachita chonchi. Mwana aliyense abweretse jumbo ya shuga yopanda kanthu, buku lizilowa mmenemo, mvula ndi phala zisalipeze. Mkati mwa chikuto ndimalemba nambala, dzina la mwana ndi mudzi wake. Sapita nalo tsiku lililonse ayi, Lachisanu lokha, Lolemba tisanayambe kalikonse ndimaona.

Koma chachikulu, makolo ambiri amene tikuwadandaulawa kuwerenga sadziwa. Mukati "muziwerenga ndi mwana" amachita manyazi, ndiye amangoti za kusukulu n'za aphunzitsi. Auzeni kuti ntchito yawo ndi kumvetsera basi. Mwana awerenge mokweza tsamba limodzi pamene mayi akusadzula ndiwo, kapena awerengere mkulu wake wa Std 6. Kusayinira ndinasiya, ena amachita kutuma mwana yemweyo kuti asayine.

Depute wa Kumudzi:
Jumbo ya shuga? Nyumba zingati zikugula shuga mwezi uno? Ndanena kale, amfumu. Lamulo la maphunziro la 2013 likuti pulayimale ndi yokakamiza, tikunyengerera chiyani?

Ahedi Opuma:
A Depute, lamulolo likunena zoti mwana apite kusukulu, silikunena za nkhuku. Samalani. Kwathu tinayesapo chindapusa, makolo anangouza ana kuti buku la aphunzitsi usalandirenso, lingatipalamulire. Ena anawaletseratu kubwera. Mapeto ake ndinali ine kukalongosola ku ofesi chifukwa chimene ana achepera. Amfumu agwiritseni ntchito poitana anthu, uthenga wawo umafika kusiyana ndi kakalata kopatsira mwana wa Std 2. Koma mphunzitsi kupereka maina kuti anthu alipitsidwe, mudzatunga madzi pa mjigo uti?

Sala wa Std 8:
Ndipo musayerekeze kubweza mwana chifukwa cha buku kapena ndalama ya chitukuko, kaya kumukaniza lipoti. Masiku ano kholo limangojambula pa foni, mawa muli pa Facebook. Chikwapu ndiye musachiganize n'komwe. Ine ndimawalandira ku Std 8 ana amenewa, wina akufuna kulemba mayeso omaliza pulayimale a PSLCE koma ndime imodzi ya Chichewa akuchita kuloza ndi chala. Makolo amatulukira nthawi imeneyo, zotsatira za MANEB zikabwera, kudzafunsa kuti bwanji sanasankhidwe.

Nachisale wa Infanti:
Madamu, pasukulu panu pali phala? Ngati ndi za Mary's Meals, amayi ophika aja amasinthana midzi ndipo amafika m'bandakucha. Makolo anu ndi amenewo, ali kale pasukulu. Pitani kukhitchini ndi ana awiri atatu awerenge pamaso pawo. Mayi akamva mwana wa mnzake akuwerenga, wake osatha, madzulo ake nkhani imakhala yomweyo. A Mother Group nawonso auzeni, amayenda kale m'makomo kutsata atsikana ojomba. Kungoti musawasenzetse zambiri, ndi ongodzipereka, akatopa amangosiya osatsazika.

PT4 Mpaka Liti:
Kwathu kuno ku Dedza ojomba amathamangitsidwa ndi gule kuti apite kusukulu. M'mawa kalasi imadzaza mpaka pakhomo, akamwa phala theka lathawa kkkk

Sala wa Std 8:
Zimenezo zimayenda kumene gule ndi wa eni mudzi. Mukazitengera dera lina mudzayambana ndi a mipingo ndi a mzikiti. Ndiponso gule sawerengetsa mwana.

Depute wa Kumudzi:
Gule amatumidwa ndi ndani? Si amfumu omwewo? Mukuzungulira koma mukubwera pomwe ndanena.

Madamu a Std 2:
Phala lilipo. Nanga mabuku ang'ambika kalewa ndilembe chiyani mu rejisitala, otayika kapena owonongeka? Ahedi akuti ndisayinire ndine.

Ahedi Opuma:
Musasayine nokha. Wa SMC akhalepo, awerenge nawo, zikutozo musataye ngakhale zitatsala zokha.