Solder ikukana kugwira pa ntchito za ophunzira anga

Mphunzitsi wa kalasi yamadzulo:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ophunzira anga a magalasi amitundumitundu afika patali ndithu pa kudula. Anasiya kubwereza mzere ndi chodulira, ndipo ena akutha ngakhale zokhota zolowa mkati zija. Pavuta ndi powotcherera. Tikutsata njira ya Tiffany, yokulunga m'mphepete mwa galasi ndi foil yamkuwa. Solder, chitsulo chomwe timasungunula polumikiza zidutswa za galasi, ikungoundana timibulu m'malo moyenda, magalasi ena akung'aluka. Ena ayamba kugwa mphwayi, ndipo zikundipweteka chifukwa ndi anthu akhama.

Wokonza mawindo akale:
Solder yake ndi iti, aphunzitsi? Nanga akamata foil, pamapita nthawi yaitali bwanji asanawotcherere?

Mphunzitsi wa kalasi yamadzulo:
Ndi 60/40, akulu, ya magawo 60 a tini ndi 40 a mtovu. Timakumana kamodzi pa sabata, ndiye amamata lero n'kudzawotcherera ulendo winawo. Munthu akajomba, ntchito yake imangokhala pashelefu.

Wokonza mawindo akale:
Vuto lili pomwepo. Solder musasinthe, 60/40 imasungunuka yonse pamadigiri pafupifupi 190, ndipo oyamba kumene imawamvera kuposa 50/50. Koma mkuwa ukakhalitsa pamphepo umathimbirira. Tengani chidutswa chomwe mwangomata kumene muchiike pafupi ndi cha pashelefucho: china chikuwala psuu, chinacho chaderako. Pamkuwa woderawo solder siigwira bwino. Tsono wophunzira akaona kuti siikuyenda, amakanikiza chowotcherera malo amodzi mpaka galasi kutentha n'kung'aluka. Kung'alukako kukuchokera pomwepo, si kuti manja awo ndi olemera ayi. Akwecheni mizereyo ndi steel wool yosalala, ya 0000, mkuwa uwalenso.

Wopanga nyale zamagalasi:
Zoona bambo, koma steel wool m'manja mwa wophunzira imamatula foil. Azikwecha motsata mzere, osati mopingasa. Ine ndikukayikiranso flux, yomwe timapaka pamkuwa kuti solder igwire. Oyamba kumene amapaka ntchito yonse nthawi imodzi, ndiye ikauma kapena kugonera pamenepo imadya mkuwa. Azipaka kachigawo komwe akuwotcherera basi. Ndipo foil ikamatukula, funsani ngati anatsuka galasi atachoka pa grinder, makina opalira m'mphepete mwa galasi. Fumbi loyera lija ndi mafuta a chodulira zimalepheretsa guluu wa foil kugwira.

Wokonza mawindo akale:
Mwanena bwino mayi. Zomwe sanamalize azizisunga m'mapepala apulasitiki otseka, mpweya usalowe. Pena pakavuta asaumirire, apite mbali ina, abwerere galasi litazizira.

Mphunzitsi wa kalasi yamadzulo:
Zikomo nonse, tayesa. Titakwecha, solder inayenda myaa, wophunzira mmodzi mpaka anaitana anzake kuti adzaone mzere wake woyamba wosalala. Tsopano ndasintha ndondomeko: tsiku limodzi kudula ndi kupala, tsiku lina kumata ndi kuwotcherera pomwepo, zidutswa zochepa. Ndaikanso beseni ndi sopo pakhomo, poti mu solder muli mtovu, aliyense azisamba m'manja potuluka. Chatsala ndi kuseri: akatembenuza ntchito, solder ikudonthera kumbali yomwe anamaliza kale.

Wopanga nyale zamagalasi:
Adikire mbali yoyambayo izizire, ayale kansalu konyowa pang'ono pansi pake, ndipo chowotcherera chiziyenda mofulumirako.