Ndithandizeni: malamulo a European Union mumawafufuza bwanji mulaibulale?

Moni nonse. Abale anga amene munaphunzirako zamalamulo kuno ku Ireland, ndithandizeni, mutu waima.

Ndikulemba nkhani ya kusukulu yokhudza ufulu wa munthu wogula katundu pa intaneti, makamaka masiku 14 aja amene amaloledwa kubweza katundu popanda kupereka chifukwa. Ufuluwu uli mu lamulo la European Union (EU) lotchedwa Directive 2011/83/EU. Kulaibulale ya zamalamulo anandilozera EUR-Lex, webusaiti ya malamulo a EU, ndipo lamulolo ndinalipeza. Vuto ndi loti linasinthidwa mu 2019 ndi Directive 2019/2161, ndiye pali mawu oyambirira a mu Official Journal (gazeti imene EU imasindikizamo malamulo ake), palinso ena ophatikiza zosintha zonse. Ophatikizawo ndi osavuta kuwerenga, koma pamwamba pake palembedwa kuti alibe mphamvu ya lamulo. Ndiye polemba nditchule ati?

China, directive imayenera kulowetsedwa m'malamulo a dziko lililonse la mu EU, mosiyana ndi regulation yomwe imangoyamba kugwira ntchito mwachindunji. Kodi lamulo la Ireland lomwe linatengera directive imeneyi ndilipeza msanga pa EUR-Lex pomwepo kapena mu Irish Statute Book, webusaiti ya malamulo a Ireland?

Zigamulo za khoti la EU la ku Luxembourg ndayesako kuzifufuza pa CURIA, webusaiti ya khotilo, koma zikubwera zambirimbiri. Mumasefa bwanji inu? Ntchitoyi ikufunika Lachisanu. Zikomo kwambiri.