Kalata ya mlatho ija, tiitumize momwe ilili kapena tiikonze?

Mlembi (Chipata): Abale ndi alongo, mwaswera bwanji. Kalata yopempha mlatho ija mwana wathu wa ku UNZA, yunivesite ya Zambia, watha kulemba, ndaiika pamwambapa. Iwerengeni lero ndi mawa, chifukwa a komiti ya chitukuko ya mu wadi akhala pansi sabata ya mawa, ndipo iyenera kupita pamodzi ndi fomu ya CDF, thumba la boma la ndalama za chitukuko cha konsitichuwense. Chonde osangoponya chala, nenani pamene pakuvuta.

Amalume a ku Kitwe: Ndawerenga. Chizungu chokhacho, sukulu ya mwana uyu siinapite pachabe. Itumizeni.

Aphunzitsi (Katete): Amalume, tayambani mwadekha. Chizungu n'chabwino ndithu, koma tawerengani zimene tikupempha. Ndime yoyamba mlatho. Yachiwiri mjigo. Yachitatu nyumba ya aphunzitsi, kenako magetsi a sola ku kiliniki, pomaliza kugaula msewu mpaka ku tala. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Munthu wa mu komiti akafika kumapeto adzafunsa kuti kodi anthu awa akufuna chiyani makamaka, ndipo adzatisankhira yekha chotchipa. Tidzapatsidwa sola, mtsinje n'kukhala momwemo.

Mwana wa ku UNZA: Zikomo aphunzitsi. Ndinaika zonse dala chifukwa ndalama zinakwera. Mu 2021 CDF inali K1.6 miliyoni pa konsitichuwense, mu 2022 inafika K25.7 miliyoni, chaka chino cha 2025 ndi K36.1 miliyoni. Tikapempha chimodzi chokha, anzathu a m'mawadi ena atenga zambiri.

Msungichuma (Lusaka): Iwe mphwanga, ndalama ukunenayo ndi ya konsitichuwense yonse ya Kasenengwa, osati ya mudzi wathu. Ina imapita ku ana a sukulu zogonera komweko ndi ophunzira ntchito zamanja, ina ndi ngongole ndi thandizo la magulu a amayi ndi achinyamata. Yotsalayo wadi iliyonse yatambasula dzanja. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022 masukulu adzaza, aliyense akulira madesiki ndi makalasi. Ine ndili mbali ya aphunzitsi, mlatho wokha.

Amalume a ku Kitwe: Nanga mjigo tiusiye? Amayi anga akutunga kudambo.

Wapampando: Za mjigo tifikako amalume, sitinaiwale. Aphunzitsi pitirizani.

Aphunzitsi (Katete): Chachiwiri n'chimene chandiopsa kwambiri. Kalata ikunena kuti ana athu amalephera kukalemba mayeso chifukwa mtsinje umadzaza. Ine ndayang'anira mayeso zaka zambiri. A giledi 7 ndi a giledi 12 amalemba cha mu Okutobala ndi Novembala, mvula ikungoyamba kumene kapena isanabwere n'komwe. Mtsinje wathu umalusa Januwale, Febuluwale mpaka Malichi. Mu chipinda muja mudzakhala wina amene anagwirapo choko, adzaona bodzali, ndipo akaona limodzi adzakayikira ndi zoona zomwe. Choonadi chake n'chokwanira kale: temu yoyamba ana a tsidya lino amajomba masiku ambiri, ena amafika belu litalira kalekale, ndipo a giledi 1 amene angoyamba kumene ndiwo amatsala kunyumba. Palibe chifukwa chowonjezera mchere.

Mwana wa ku UNZA: Koma aphunzitsi, mwana akajomba temu yoyamba, mayeso a kumapeto adzalemba chiyani? N'chimodzimodzi.

Aphunzitsi (Katete): Ndiye lemba zimenezo momwe wazinenera pano. Zimenezo palibe angatsutse. Zimene zili mu kalata ndi zina.

Anamwino (Petauke): Inenso ndili ndi mawu pa ndime yachinayi. Mwalemba kuti amayi ambirimbiri amwalira pa mtsinje pofuna kukachira ku kiliniki. Ambirimbiri ndi angati? Anamwalira liti? Ine ndabadwira komweko, ndikudziwa za amayi amene anachirira m'mphepete mwa mtsinje usiku ngolo italephera kuwoloka, koma Mulungu anathandiza, onse ali moyo. Tikalemba imfa, a zaumoyo adzatsegula mabuku awo, sadzazipeza, ife tidzasanduka anthu abodza. Pitani kwa a SMAG a m'mudzi, aja amaperekeza amayi oyembekezera. Iwo amadziwa amayi amene anachirira kunyumba kapena panjira, ndi mwezi wake. Ku kiliniki nakonso buku lilipo. Mukaika miyezi ya mvula pambali pa miyezi ya chilimwe, kusiyana kudzaoneka kokha.

Amalume a ku Kitwe: Inu anthu ophunzira mufuna kuchotsa misozi yonse mu kalata. Manambala salira. Munthu amapereka chinthu mtima ukamupweteka.

Mwana wa ku UNZA: Apa amalume akunena zoona. Ngakhale Aristotle, wanzeru wa ku Girisi, kalekale anati pokopa anthu pamafunika zitatu: omvera akhulupirire wolankhulayo, mtima wawo ugwidwe, ndipo mfundo zikhale ndi umboni. Tikachotsa za mtima tatsala ndi ziwiri.

Anamwino (Petauke): Sindinati tichotse mtima. Ndati tichotse maliro amene sanachitike. Nkhani imodzi yoona, ya mayi mmodzi, ikwanira, koma tikamupemphe kaye mwiniwake ndi amuna ake, ndipo dzina lisalembedwe. Nkhani za kuchira si zoulutsa mwachisawawa.

Mlembi (Chipata): Azakhali a kumudzi atumiza uthenga wa mawu, netiweki kwawo ikuvuta ndiye ndakulemberani momwe anenera.

"Ana anga, kalata yanu andiwerengera. Mwalemba bwino koma mtsinjewo simunaulembe. Mvula ikagwa kumapiri usiku, ife kuno kungakhale kouma, mmawa timapeza madzi ofiira afika m'chiuno. Ana amavula yunifomu, amaikulunga pamodzi ndi makope mu pulasitiki ya shuga, n'kusenza pamutu. Anyamata akuluakulu amabereka ang'ono, kuwolotsa mmodzi n'kubwerera kukatenga wina. Atsikana osinkhuka savula pamaso pa anyamata, ndiye amangokhala pa mwala paja kudikira madzi aphwe, dzuwa likafika pamutu amabwerera kunyumba. Feteleza wachiwiri akabwera mochedwa timamutsitsa pa ngolo, kusenza thumba limodzilimodzi, ng'ombe kuwoloka zokha. Lembani zimenezo. Komanso musaiwale kuti a tsidya lija akupempha mjigo, wawo unafa, ndipo ku msonkhano wa wadi amabwera ambiri kuposa ife."

Aphunzitsi (Katete): Mwamva? Ndime yoyamba ya kalata ndi imeneyo. Za atsikana pa mwala ine sindimadziwa n'komwe. Mwana wathu, chotsa mawu ako otsegulira aja onena kuti chitukuko ndi ufulu wa munthu aliyense. Onse amene akupempha alemba zomwezo, wowerenga amangodumpha. Yamba ndi chimene tikupempha m'chiganizo chimodzi, malo ake enieni, kenako mawu a azakhali, kenako manambala a m'kaundula wa sukulu ndi a SMAG.

Msungichuma (Lusaka): Mawu omaliza a azakhali ndiwo andigwira. Mdani wa kalata yathu ndi mjigo wa tsidya lija, ndipo tisadzinamize, mfundo yawo ndi yolimba. Chilala cha 2024 aliyense akuchikumbukira, boma mpaka linalengeza mu Febuluwale chaka chomwecho kuti ndi tsoka la dziko lonse. Wina adzaimirira n'kunena kuti mtsinje mukuulirirawu chaka chija munali mchenga wokhawokha, madzi akumwa timawafuna miyezi khumi ndi iwiri, mlatho miyezi itatu. Tiyankha chiyani? Mu kalata mulibe yankho.

Amalume a ku Kitwe: Osazitchula n'komwe. Ukapita kukafunsira mbeta sutchula ubwino wa mnzako amene akufunanso pomwepo.

Aphunzitsi (Katete): Tikapanda kuzitchula ife adzazitchula iwo, ife titakhala kale pansi, mpata woyankha palibe. Bwino tiyambe ndife, ndipo tizinene mwaulemu, mwamphamvu momwe eni ake angazinenere. Tivomere kuti madzi ndi ofunika. Kenako tionetse kusiyana: mjigo wakufa ungakonzedwe ndi anthu wamba, koma mlatho wa makalavati sitingaumange ndi zopereka za pa foni, umafuna injiniya wa ku khonsolo, simenti ndi zitsulo. Ndiponso a tsidya lija nawo amawoloka pomwepo popita kuchigayo ndi kukagulitsa nshawa ndi soya. Mlathowu ndi wawonso.

Anamwino (Petauke): Ndiye bwanji tingowakonzera mjigowo ife a gulu? Ngati ndi wa mtundu wa India Mark II ngati ina yonse ya kwathu, nthawi zambiri chimafa ndi mipira ya mu silinda kapena tcheni, ndipo okonza mijigo alipo m'dera, zipangizo zimapezeka mu Chipata momwemo. Akatunga madzi, ku wadi adzakweza manja pamodzi nafe.

Msungichuma (Lusaka): Mayi, thumba la gulu mukulidziwa inu? Theka la anthu muno sanapereke kuyambira Isitala. Komanso ngati chitsimecho chinauma pansi, mipira siithandiza.

Wapampando: Apite kaye wokonza mijigo akaone, atiuze mtengo. Tisalonjeze kanthu mu kalata tisanamve. Amalume, ngati zitheka, amayi anu adzatunganso pomwepo, si patali.

Amalume a ku Kitwe: Chabwino. Koma chinthu chimodzi ndikufuna chilowe, ndipo pa ichi sindisuntha. Kumapeto tilembe kuti chisankho chili pafupi, Ogasiti 2026, ndipo anthu a kwathu ali ndi maso. Andale amamva chilankhulo chimenecho basi.

Mlamu wa ku Chadiza: Amalume mwalasa. Enawa akuopa chabe.

Wapampando: Ayi. Muno muli anthu a zipani zonse, ndipo tinagwirizana poyamba pomwe kuti zandale zizitsala pakhomo.

Aphunzitsi (Katete): Kuwonjezera apo, taganizirani amene adzawerenge. Ikachoka ku wadi ipita ku komiti ya CDF, ndipo akatswiri a ku khonsolo adzaiyesa ngati ingatheke ndi ndalama zingati. Injiniya savoteredwa. Iye mantha ake ndi ena: kuyamba ntchito imene siidzatha, kapena kumanga chinthu chimene madzi adzakokolola chaka chomwecho anthu n'kumamuloza chala. Tiyankhe mantha amenewo. Tilembe kuti mchenga, miyala ndi madzi tidzatuta tokha, kuti pali pamene pansi pali thanthwe pafupi ndi mkuyu uja, abwere adzaone, ndi kuti chaka chilichonse mvula isanayambe mudzi udzachotsa zinyalala ndi mitengo yotseka makalavati. Munthu ukamuopseza amayamba kudziteteza, saganizanso za mtsinje wako. Ndipo akhansala akativomera pambuyo pa chiopsezo adzaoneka ngati agonja, ndiye ngakhale akufuna adzazengereza.

Mlamu wa ku Chadiza: Koma aphunzitsi, ofatsa ndi amene amaiwalika. Takhala tikupempha mwaulemu kuyambira kale.

Aphunzitsi (Katete): Tinkapempha pakamwa, pamaliro ndi pa misonkhano ya kampeni. Pa pepala, ndi manambala, ndi chidindo, aka n'koyamba mlamu.

Amalume a ku Kitwe: Ine ndidzanena ndekha pakamwa ndikabwera ku Kulamba. Kalata yanu ikhale yoyera.

Wapampando: Pakamwa panu ndi panu amalume, koma osati m'dzina la gulu.

Mlembi (Chipata): Funso langa ndi la kusaina. Pansi pa kalata pali dzina la gulu lathu ndi ma adiresi a Lusaka ndi Kitwe. Kodi a wadi sadzati awa ndi anthu a m'tauni, mtsinje amauona pa Khirisimasi pokha?

Anamwino (Petauke): Adzatero ndithu. Isainidwe ndi anyakwawa a mbali zonse ziwiri, a komiti ya makolo ku sukulu ndi a SMAG. Ife tikhale m'munsi ngati othandizira. Ndipo tsiku la msonkhano alankhule azakhali, m'Chinyanja, momwe alankhulira muja. Chizungu chikhale cha pa fomu.

Mwana wa ku UNZA: Ndiye masamba anga anayi atsala tsamba limodzi ndi theka. Aristotle ndimusiye?

Msungichuma (Lusaka): Musiye ku UNZA ku Great East Road komweko, adzakuthandiza pa mayeso.

Mwana wa ku UNZA: Chabwino akulu. Koma ndime yonena za feteleza ndi ngolo ndikufuna ikhale, chifukwa mu komiti ambiri ndi alimi, za ana a sukulu ena sizidzawakhudza ngati za munda.

Aphunzitsi (Katete): Ikhale, waganiza bwino. Uiike pambuyo pa za kiliniki, ndipo ikhale yaifupi.

Wapampando: Tagwirizana motere. Mlembi, mawa mukwere njinga yamoto mupite kumudzi, mukapemphe a hedi akuonetseni kaundula wa temu yoyamba ndi wa temu yachiwiri, mulembe ana a tsidya lino okha ndi masiku amene anajomba, mayina ayi. Anamwino muimbire a SMAG. Msungichuma mupeze wokonza mijigo. Zithunzi za madzi atadzaza amene ali nazo mu foni aponye muno, koma za mtsinje wathu, osati zotola pa Facebook. Kalata yatsopano ifike Lachinayi madzulo.

Mlembi (Chipata): Ndamva. Za mafuta a njinga ndani atumize?

Msungichuma (Lusaka): Amalume a ku Kitwe, muli ndi ngongole ya miyezi isanu. Yambani ndinu.