Mafunso akuti zili bwino, koma mayi uja akulembabe m'kope

Wachaka_chomaliza:
Abale ndithandizeni. Ndikuchita kafukufuku wa momwe ogwira ntchito mu ofesi ina ya malipiro akugwiritsira ntchito pulogalamu yatsopano ya pakompyuta. Aphunzitsi anati nditsatire mfundo ya TAM (Technology Acceptance Model) ya Fred Davis, ija inatuluka m'magazini ya kafukufuku ya MIS Quarterly mu 1989, yoti munthu amalandira chida ngati akuona kuti chimupindulira pa ntchito komanso ngati sichivuta. Ndinagawa mafunso, pafupifupi onse anachonga kuti pulogalamuyo ndi yabwino. Koma dzulo pokatolera mapepala otsala ndinapeza mayi wina akulemba manambala m'kope kaye, ati amawalowetsa pakompyuta madzulo. Ndikhulupirire chiti?

Mkulu_wa_IT:
Khulupirirani kopelo, achimwene. Pochonga pepala munthu amaganiza kuti abwana aliona. Ndani anganyoze pulogalamu imene bwana wake wagula?

Mphunzitsi_wopuma:
Musamutaye msanga Davis. Iye yemwe anapeza kuti phindu la chida limakoka anthu kuposa kuphweka kwake. Vuto lanu ndi lakuti anthuwo alibe ufulu wokana, ndiye kuwafunsa ngati akufuna kuigwiritsa ntchito n'kungodzivutitsa. Venkatesh ndi anzake anaziona izi mu UTAUT ya 2003, mfundo ina yofotokoza momwe anthu amalandirira zida zatsopano, anaikamo zakuti kodi munthu akugwiritsa ntchito mwakufuna kwake kapena mokakamizidwa. Ine ndikanakhala inu ndikanawerenganso Goodhue ndi Thompson, 1995. Funso lawo ndi losavuta: kodi chidacho chikugwirizana ndi ntchito imene munthuyo ali nayo m'manja?

Mkulu_wa_IT:
Mabuku ndi abwino aphunzitsi, koma inu achimwene mukakhale pambali pa mayiwo ola limodzi, iwo azigwira ntchito akuyankhula zimene akuganiza. Osawathandiza akakakamira, ngakhale manja akuyabweni. Jakob Nielsen, katswiri woyesa ngati mapulogalamu ndi osavuta kugwiritsa ntchito, amati kuonerera anthu 5 okha kumavumbula mavuto ambiri a pulogalamu.

Wachaka_chomaliza:
Ndapitako lero. Kuti alowetse malipiro a munthu mmodzi amadutsa masamba anayi, ndipo nambala ya wantchito amaitaipa kawiri. Chachikulu ndi ichi: akadzuka kukasaka fayilo m'kabati, pulogalamu imadzitseka yokha, zonse zimene analemba n'kufufutika. Zachitika ine ndikuona, mayiwo anangopukusa mutu n'kukoka kope lawo. Nditawafunsa chifukwa chimene anachongera kuti ndi yabwino, anati, "Mwanangu, malipoti imatulutsa bwino ndithu, zinazi simunandifunse."

Ndiye aphunzitsi, mafunso anga aja ndiwasunge monga mutu woyamba, kapena ndiyambirenso?