Dzina la agogo anga a ku Italy silikupezeka paliponse, thandizeni

Membala wobisa dzina: Abale, mutu wanga sukugwira. Agogo anga aamuna anali mzungu wa ku Italy, ankagwira ntchito yomanga damu la Kariba cha m'ma 1950, ndipo malemu bambo anatenga dzina lawo. Ndasakasaka pa Facebook koma wa dzina limeneli palibe, ngakhale ku Italy komweko. Azakhali akuti ndi lopeka, chonsecho ndi iwo omwe anatenga sutikesi ya bambo momwe munali zithunzi, ndipo pamaliro sanasonkheko ngakhale ndowa ya chimanga. Kusukulu ankandiseka kuti dzina langa likumveka ngati la mankhwala. Linachokera kuti, nanga alipo angati a dzinali?

Nachisale: Dzinalo ndi liti, achemwali?

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga, tamvera. Ku Italy kale makanda osafunidwa ankawasiya pa gudumu lozungulira lomwe linali pakhoma la nyumba zolerera ana. Ku Naples ankawatcha Esposito, ku Rome Proietti, ku Florence Innocenti, ku Milan Colombo. Agogo akowo anali a mtundu wa ana otayidwa, ndatha.

Wa ku Joni: Madala, Esposito ndi dzina losowa? Ku Naples ndi lomwe lili mbwee! Sisi, zisiyeni za mbiri, nkhani apa ndi pasipoti. Koma fulumirani, chifukwa mu 2025 Italy inakhwimitsa lamulo la unzika wotengera makolo. Ine ejenti wina anandidyera ndalama zonse za njinga yamoto pondilonjeza mapepala, foni yake mpaka lero siigwira.

Aphunzitsi Opuma: Iwe mnyamata usandidule. M'zaka za m'ma 1800 anayamba kusiya maina ochititsa manyaziwo, alembi n'kumapekera mwana aliyense dzina lakelake. Ndiye kusowa kwakeko! Ana amakono kuwerenga ayi, pasipoti basi.

Amake Mapasa: Musanathamangire ana otayidwa, yang'anani mathero a dzinalo. Othera ndi n, monga Trevisan, nthawi zambiri ndi a ku Veneto. Othera ndi u kapena as, monga Porcu ndi Piras, ndi a ku Sardinia. Komanso mwina mlembi wa kuno analakwitsa. Langa analilemba mokhota pa chiphaso, ndinavutika nalo kubanki.

Aphunzitsi Opuma: Mayi, ine ndaphunzitsa ana a anthu moyo wanga wonse.

Amake Mapasa: Munkaphunzitsa Chitaliyana, bambo?

Kamnyamata ka pa Lunzu: Paintaneti pali Portale Antenati ya boma la Italy, muli makaundula akale a kubadwa, ukwati ndi imfa, ndipo ndi yaulere. Vuto muyenera kudziwa tauni yomwe agogowo anabadwira, chifukwa anawasanja potengera malo. Matchalitchi nawo akhala akulemba ubatizo chiyambire msonkhano waukulu wa Akatolika wa ku Trent umene unatha mu 1563. Ku Kariba kulinso tchalitchi cha St Barbara chomwe anamanga Ataliyana a padamupo, mwina ansembe angakulozereni kolowera.

Nachisale: Anthuni, tikukanganirana dzina lomwe sitinalione.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Dzina sindingalembe pano, azakhali ali pa gulu lomwe lino. Koma sutikesi ija ndingakaiitanitse kudzera kwa amfumu?

Wa ku Joni: Amfumu adyanso nkhuku yanu, sisi. Tumani amalume.