Funso la makwerero: tiphatikize kapena tichotsere?

Kholo la ku Kapata:
Aphunzitsi a masamu muli pano, ndithandizeni. Mwana wa Giredi 9 wapatsidwa funso ili: makwerero a mamita 5 atsamira khoma, phazi lake lili mamita 1.4 kuchokera pakhoma, afika pamtunda wotani? Iye wapeza 5.19, aphunzitsi achonga kuti walakwa. Walakwira pati?

Mphunzitsi, Katete:
Amayi, yankholo likudzitsutsa lokha. Makwerero a mamita 5 otsamira sangafike pamwamba kuposa utali wake. Mwana waphatikiza pomwe anayenera kuchotsera. Ajambule kaye: khoma ndi nthaka zimakumana pa ngodya ya madigiri 90, ndipo mbali yoyang'anizana ndi ngodyayo, hypotenuse, ndiyo yaitali kuposa zonse. Apa ndi makwererowo. Lamulo la Pythagoras likuti sikweya ya mbali yaitali (utali wake kuuchulukitsa ndi iwo wokha) ikufanana ndi masikweya a mbali ziwiri zija ataphatikizidwa. Popeza yaitaliyo tikuidziwa kale, tichotsera: 5 × 5 = 25, 1.4 × 1.4 = 1.96, 25 − 1.96 = 23.04. Square root yake, nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi iyo yokha ipereka 23.04, ndi 4.8. Atsimikize yekha: 4.8 × 4.8 ibwereranso pa 23.04. Mumuyang'anenso pa 5², ambiri amalemba 10 m'malo mwa 25, ena amaima pa 23.04 n'kulemba kuti ndiye yankho.

Mmisiri, Chipata:
Kuti mwana alione lamuloli ndi maso, tulukani naye panja ndi tepi, zikhomo zitatu ndi chingwe. Khomani chikhomo pakona, yezani 60 cm mbali imodzi, 80 cm mbali inayo. Pakati pa zizindikiro ziwirizo pazikhala 100 cm ndendende. Zikapitirira, kona yatseguka, zikaperewera, yapanikizika. Ndi njira ya 3-4-5 (60, 80, 100 ndi 3, 4, 5 kuchulukitsa ndi 20) yomwe timayalira maziko. Nyumba ya mamita 6 ndi 8, kudutsa pakati kuchokera kona ina kufika ina muzipeza 10, mbali zonse ziwiri. Koma muyeze ndi tepi yachitsulo, chingwe cha nayiloni chimatamuka, chidzakunamizani.

Kholo la ku Kapata:
Zikomo aphunzitsi ndi amisiri. Pali lina la denga: nyumba yotambalala mamita 8, nsonga ya denga yakwera 150 cm. Akufuna utali wa phaso.

Mmisiri, Chipata:
Misampha ndi iwiri pamenepo. Phaso limayambira pakhoma n'kuthera pansonga, pakati pa nyumba, ndiye mutenge 4, osati 8. Kenako 150 cm isanduke mamita 1.5 musanayambe, apo ayi mupeza phaso lotalika kuposa bwalo la mpira. Tsopano mukufuna mbali yaitali, apa ndiye muphatikize: 4 × 4 = 16, 1.5 × 1.5 = 2.25, 16 + 2.25 = 18.25, square root pafupifupi mamita 4.27. Pamayeso alembe zomwezo ndi "m" yake. Pogula matabwa timawonjezera gawo lotulukira kunja kwa khoma lija, kuti mvula isamenye njerwa.