Thumba la sukulu: titenge wa mapointi ochepa kapena woyamba pasukulu iliyonse?

Anambewe (Mlembi):
Mwaswera bwanji nonse, akumudzi ndi apaulendo. A Msungichuma akuti zomwe tasonkha m'thumba la sukulu zikhoza kunyamula ana anayi chaka chino, fizi ndi kangachepe kodyera. Chatsala ndi kasankhidwe ka anawo. Komiti yalandira maganizo awiri. Oyamba akuti titenge ana anayi a m'dera lathu amene akhoza MSCE ndi mapointi ochepa kwambiri, kaya anaphunzira kuti. Achiwiri abwera ndi achimwene a Banda: pa masekondale anayi a kwathu, yogonera ija ndi ma CDSS atatu, titenge woyamba pasukulu iliyonse, popanda kalata yofunsira, popanda intavyu. Yankhulani momasuka.

A Banda (Dallas):
Zikomo achemwali. Ndifotokoze komwe ndazitenga, kuti musamati ndangolota. Kuno ku Texas kuli lamulo lomwe linakhazikitsidwa mu 1997, George W. Bush ali gavanala. Limati mwana amene wamaliza sekondale ali m'gulu la ana 10 oyambirira pa ana 100 aliwonse a pasukulu yake, malo ali nawo kale ku yunivesite ya boma ya m'chigawo chino. Sapikisana ndi mwana wa sukulu ina, amayesedwa ndi anzake amene anakhala nawo m'kalasi.

Chinaliyambitsa ndi mlandu wa Hopwood mu 1996, pomwe khoti linaletsa mayunivesite kuyang'ana mtundu wa munthu posankha ophunzira. Aphungu ena, patsogolo pali mayi Irma Rangel, anaona kuti ana a sukulu za akuda, a kumalire ndi Mexico, ngakhale a azungu akumidzi, atsekeredwa kunja ndi ana a sukulu zolemera za m'mizinda. Ndiye anati tsegulani khomo kwa opambana a sukulu iliyonse.

Mwana wanga wamkazi atabweretsa pepala la zotsatira, pansi pake panalembedwa kuti ndi nambala 23 pa ana 410. Ndinakhala nalo pagome mpaka nsima inazizira, ndikuganiza za mwana wa mlongo wanga kumudziko. Iye anali nambala wani kuyambira fomu 1 mpaka fomu 4, lero akugulitsa mayunitsi pa msika. Nambala wani yakeyo palibe amene anaiwerengera.

Aphunzitsi a Mwale (kumudzi):
A Banda, ndakumvani, koma sindikuvomereza. Ndagwira choko zaka 31. Ku America sindikudziwako, koma kuno mayeso ndi amodzi. MANEB ikatulutsa pepala la Masamu, ndi lomwelo ku Nsanje mpaka ku Chitipa, tsiku limodzi, ola limodzi. Wapeza 11 wapeza 11, wapeza 24 wapeza 24. Mukufuna ndikamuuze chiyani mwana wachiwiri wa pasukulu yogonera amene ali ndi 12, pamene thumba lathu lanyamula wa 24?

Ndipo ichi ndi kota yovala malaya ena. Tonse tikukumbukira. Inalipo nthawi ya Kamuzu, inabweranso mu 2009 nthawi ya Bingu, boma n'kudzaichotsa mu 2020 anthu atadandaula kwa zaka zambiri, makamaka anzathu a kumpoto. Ine mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha anakhala pakhonde langa akulira, mapointi ake abwino, malo atapita kwa wina chifukwa cha boma lomwe amachokera. Sindifuna kuti dzina la gulu lathu lilize mwana chotero.

Mphatso (Zomba):
Aphunzitsi, ndinu amene munandiphunzitsa kugwira pensulo, choncho ndiyankhula mwaulemu. Pepala ndi limodzi, inde. Koma njira yofikira papepalapo si imodzi. Ine ndinadutsa pa CDSS ya kutsidya kwa mtsinje. Maikulosikopu ndinaiona koyamba kutatsala sabata imodzi kuti tilembe pulakitiko, ahedi atakaibwereka panjinga, ataikulunga m'chitenje. Tinali ana 60, aliyense anasuzumiramo kamodzi. Buku la Biology linali limodzi pagulu la anthu asanu ndi atatu, ndipo tsiku langa logona nalo linali Lachinayi. Nyengo ya mvula mtsinje ukadzaza tinkabwerera panjira. Ndikafika kunyumba, kutunga madzi, kuphika, kenako kuwerenga ndi tochi ya mabatire.

Ndinapeza 21. Ndinali woyamba pasukulupo ndipo sindinasankhidwe. Amalume ndiwo anagulitsa ng'ombe kuti ndibwereze pa sukulu yolipira, chaka chotsatira n'kupeza 13. Mutu unali womwewo, aphunzitsi. Chinasintha ndi magetsi, labu ndi nsima ya katatu patsiku. Anzanga amene analibe amalume a ng'ombe ali kumudzi komweko, mumawaona.

Aphunzitsi a Mwale (kumudzi):
Mwana wanga, zimenezo sindingakane. Ma CDSS amenewa anali ma DEC, malo a maphunziro a patali a MCDE, anangowasintha dzina chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ambiri opanda labu, opanda laibulale. Koma mankhwala ake ndi kumanga labu, osati kusintha sikelo.

Anachisale (Mzuzu):
Ndiloleni ndiyankhe za kota, poti ndimakhala kuno kumpoto ndipo ululu wake ndinauona pafupi. Kota inkafunsa kuti kwanu n'kuti. Mwana wobadwira ku Area 47, wophunzira sukulu yamtengo wapatali, ankalemba boma la agogo ake komwe amangopitako pa maliro, n'kutenga malo a boma limenelo. Wosauka weniweni wa m'bomalo n'kutsala. Za a Bandazi sizikufunsa mtundu kapena mudzi wa bambo ako. Zikufunsa kuti unakhala pa desiki iti zaka zinayi, ndipo pakati pa amene munavutika limodzi unachita bwanji. Kwa ine ndi zinthu ziwiri zosiyana. Komanso ana onse anayi ndi a kwathu komweko, palibe wa boma lina amene tikumulanda.

Bambo a Tadala (Johannesburg):
Ine mtima wanga uli kwa a Banda, koma anthufe timadziwana. Tikalengeza lamuloli, chaka chamawa mudzaona mwana wa munthu wandalama, waphunzira fomu 1 mpaka fomu 3 ku pulaiveti ku Lilongwe, akubwera kudzalembera fomu 4 pa CDSS ya kumtunda. Kapena wobwereza kachitatu akulembetsa ku openi ya pomwepo. Adzakhala nambala wani mosavuta, wathu uja n'kukhala wachiwiri. Ndalama zimene timasonkha kuno si zotola, ena timagona anayi m'chipinda chimodzi kuti tipeze yotumiza.

A Banda (Dallas):
Achimwene mwalasa. Kunonso zimachitika, makolo ena amasamutsira mwana ku sukulu yofooka kuti akwere pamndandanda, ndipo ana ena amazemba maphunziro ovuta poopa kutsika. Sindikubisirani zina. Yunivesite yaikulu ya ku Austin inadzaza ndi ana a lamuloli mpaka malo a ena anatsala ochepa. Mu 2009 aphungu anailola kuti ana a lamuloli azidzaza magawo atatu okha mwa anayi a malo a ana a m'chigawo chino. Kuyambira pamenepo 10 ija yakhala ikutsika ku Austin, inafika pa 6, ndipo analengeza 5 kwa olowa mu 2026. Komanso lamuloli limakupatsa malo basi. Silikulipirira fizi, silikulonjeza kosi imene ukufuna. Walira mvula walira matope. Koma chimene chinachitika n'chakuti sukulu za kumidzi zimene zinali zisanatumizeko mwana ku Austin zinayamba kutumiza, ndipo ndi chimenecho ndikuchifunira kwathu.

A Phiri (Msungichuma):
Makosana, ndikubwezereni pansi pang'ono. Ku Texas amene akulonjeza ndi mwini yunivesite. Ife tilibe yunivesite. Kuno mwana amafunsira kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ndipo kusankhidwira ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni kapena MUST sikuli m'manja mwathu. Woyamba wa pa CDSS akakhala ndi 24 n'kusasankhidwa, ndalama yake ndichite nayo chiyani? Ndiisunge kubanki kwacha ikugwa? Ndimutumize ku yunivesite yolipira? Tikatero ndalama ya ana anayi ithera pa awiri. Ndikufuna yankho la funso limeneli ndisanasaine cheke chilichonse.

Mphatso (Zomba):
A Phiri, sukulu si yunivesite zisanu ndi imodzi zokha. Kuli Domasi ndi Nalikule kwa ofuna uphunzitsi wa sekondale, kuli ma TTC, kuli makoleji a unamwino a mishoni, kuli makoleji a ntchito zamanja. Kapena thumba limulipirire chaka chimodzi chobwereza pa sukulu ya labu, monga anandichitira amalume. Ndikuganiza kuti zimenezo n'zotsika mtengo kuposa chaka cha ku yunivesite yolipira.

A Phiri (Msungichuma):
Zobwerezazo ndiye ndingazikwanitse. Koma kamodzi kokha pa mwana.

Mayi a Yamikani (kumudzi):
Pepani ndalowerera, foni ndi ya mwana wanga, ine zolemba ndimachedwa. Inu a kutauni mukukamba za mapointi. Ine ndikuuzeni za pakhomo. Wanga wachiwiri anasankhidwira ku CDSS ya kumtunda, ali fomu 2. Mwezi wathawu anandiuza kuti amayi, ndigulireni njinga ndiyambe kabaza, pasukulu pathu palibe amene anapitako ku koleji chiyambire, ndikungotha nsapato. Ndinasowa chomuyankha chifukwa sananame. Mukanena kuti woyamba wa pasukulu imeneyo gulu limunyamula, ine ndikhala ndi mawu omuuza m'mawa akamadzuka. Ngakhale asakhale iyeyo woyambayo, aona mnzake wa mudzi woyandikana akukwera basi ndi sutikesi. Za mapointi ochepazo, anayi onse achokera kogonera, ife tizingomva pa foni.

Anachisale (Mzuzu):
Mayi a Yamikani anena zimene ine ndimalephera kuzinena.

Aphunzitsi a Mwale (kumudzi):
Amayi, mwana wanuyo ndimamudziwa, ndi wanzeru, musamugulire njingayo. Ndibwera ndidzacheze naye Loweruka.

Kwa gulu, ndasuntha koma sindinafike. Ngati tikutenga njira ya a Banda, ndikupempha zinthu izi zilembedwe. Woyambayo akhale ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, poti popanda zimenezo khomo la yunivesite silitseguka n'komwe. Akhale kuti waphunzira pasukulupo kuyambira fomu 1 ndipo akulemba koyamba, kuti titseke mpata umene anena bambo a Tadala. Ndipo tiyang'ane zotsatira za MANEB, osati mayeso a pasukulu, chifukwa mphunzitsi ndi munthu, ali ndi abale ake, ndipo tisamuike pa mayesero. Sukulu ikapanda kutulutsa mwana wofika pamenepo chaka chimenecho, malo ake apite kwa wa mapointi ochepa amene watsala m'dera lonse.

Koma mtima wanga ukadali pa wachiwiri wa kogonera. Musaganize kuti onse ogonera ndi olemera. Ambiri ndi ana a alimi omwewa, anakhoza bwino Sitandade 8 n'kusankhidwa, fizi yake makolo amachita kugulitsa soya asanakhwime mtengo. Pali mtsikana wamasiye kumeneko amene ndikuyembekezera kuti abwera ndi 10 kapena 11, ndipo pali mnyamata amene amamuposa pang'ono. Mwa lamulo lanuli mtsikanayo watsala.

Anambewe (Mlembi):
Aphunzitsi mwakhudza pomwe ndimafuna kufika. Ndikuvula kaye udindo wa ulembi. Tikati woyamba yekha, ndikuopa kuti zaka zambiri anayi onse adzakhala anyamata. Mtsikana wa pa CDSS akaweruka amakayamba ntchito ina kunyumba, enanso akuchita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu, okha, opanda wowayang'anira, ndipo tikudziwa zimene zimawagwera. Sindikudziwa ngati tingati chaka china anyamata china atsikana, kapena tionjezere malo achisanu. Koma lisatuluke lamulo lopanda mawu pa zimenezi.

Bambo a Tadala (Johannesburg):
Malo achisanuwo ndiwagwirizana nawo. Akhale a mtsikana wa mapointi ochepa kwambiri m'dera lonse amene sanalowe pa anayi aja. Ife a kuno tikumana Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, ndikawapempha anzanga tionjezere chopereka. Sindikulonjeza kuti ikwana yonse.

A Phiri (Msungichuma):
Ikafika theka ndidziwitseni, ndiona ngati za mwezi wa Disembala zingakwaniritse.

A Banda (Dallas):
Zonse zimene awonjezera aphunzitsi ndazilandira. Ndikupempha chimodzi chokha chisachoke: pasakhale intavyu, pasakhale kalata ya kwa amfumu kapena ya kwa khansala. Mwana adziwe ali fomu 1 kuti akakhala woyamba, palibe amene ayenera kukamugwadira.

A Wapampando:
Zikomo nonse. Sitivota lero, chifukwa tikukangana tisanaone manambala. Aphunzitsi a Mwale, tikupemphani mukafike kwa ahedi a sukulu zinayi zija, mukapemphe mapointi a ana atatu oyambirira pa zaka zitatu zapitazi, opanda maina, koma asonyeze mnyamata kapena mtsikana. Achemwali Anambewe alemba kalata ya gulu usiku uno kuti mukanyamule. A Phiri, tipezereni mtengo wa chaka chimodzi chobwereza pa sukulu yogonera. Tivota Lamlungu la mawa lija, 8 koloko madzulo nthawi ya kumudzi, kuti a ku America akhale atadzuka.

Aphunzitsi a Mwale (kumudzi):
Zitatuzo ndifikako Lachiwiri ndi Lachitatu. Ya kutsidya ndidikira madzi atsike, dzulo anafika m'chiuno. Mphatso, nditumizire nambala ya ahedi a kumeneko kumbali, ndiyambe ndawaimbira.